Kadzenje Pamwamba pa Chidendene

Ku Nabvutika munthu akabinya phazi kapena dzanja, anzake ankamutengera kwa amake mapasa. Nyumba yawo sinali yosowa. Inali ya chitseko chobiriwira, pafupi ndi mpopi pamene amayi amafola ndi zigubu. Dzina lawo lenileni linali Lenia, koma linkamveka kutchalitchi kokha, poitana mayina a amayi a chigwirizano.

A Lenia anakulira kufupi ndi mishoni ya Tamanda, ndipo nyimbo za m'buku anaziloweza asanadziwe kuwerenga. Atabereka mapasa, Juliet ndi Lemmy, azakhali awo anawagwira manja onse awiri nawauza kuti mkazi wobereka ana awiri tsiku limodzi amakhala ndi manja owongola zobinya. Lemmy anamwalira ndi chikuku asanakwawe. Ambuye anatenga mwana mmodzi, koma dzina anawasiyira, ndi manja omwe. Umo ndi mmene a Lenia ankazimvera mumtima mwawo, ndipo chifukwa cha ichi sankalandira ndalama kwa aliyense amene amuthandiza. Ankati mphatso yolandira ndi misozi sagulitsa.

Kachitidwe kawo kanali kamodzi zaka zonsezi. Ankawiritsa madzi ndi masamba a nsatsi, n'kuviika kansalu, n'kuthowa potupapo mpaka khungu litafiira. Kenaka ankakoka, n'kusisita mwamphamvu, akung'ung'udza nyimbo yapansipansi. Akatha ankamuuza munthuyo kuti aimirire aponde, chifukwa mwendo ukaunyengerera umauma. Lamulo lawo linali lalifupi. Munthu akalephera kuima, fupa lathyoka, apite kuchipatala. Akatha kuima, ndiye kuti wangobinya, ndipo imeneyo inali ntchito yawo. Anthu ankachiradi. Anyamata a mpira, amayi oterereka pamatope, onse ankabweranso patapita masabata awiri akuyenda bwinobwino, ena atanyamula mawungu amene a Lenia ankakana kawiri n'kulandira kachitatu.

Juliet anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo mtima wake wonse unali kumalambo. Bambo ake, malemu Israel, ankaphikira askauti oteteza nyama kuchigwa cha Luangwa, ndipo mwanayo anakula akumva za njovu zodutsa pakhomo pa khitchini ndi za anthu oyenda masiku khumi m'tchire akuchotsa misampha ya waya. Ankafuna kukhala mmodzi wa iwo. Chaka chilichonse mu Seputembala ankasankha askauti atsopano, ndipo mayeso ake anali a miyendo: kuthamanga mtunda wautali, kukwera chitunda utasenza thumba la mchenga. Ulendo woyamba Juliet anakomoka ndi dzuwa. Ulendo wachiwiri anafika wachisanu ndi chimodzi, pamene ankafuna akazi asanu okha. Chaka chino chinali chomaliza, pakuti chaka chamawa zaka zake zikanapitirira malire.

Tsono m'mawa uliwonse ankamanga nsapato, n'kuponya thumba la mchenga kumsana, n'kulunjika kuphiri la Kanjala. A Lenia ankaima pakhomo n'kumuperekeza ndi pemphero lakuti phazi lake lisagunde pamwala.

Linali Lachiwiri mu Febuluwale, mvula itagwa dzulo lake. Juliet anali kuthamanga chokwera pamene anamva ngati munthu wamugenda ndi mwala kumbuyo kwa chidendene. Kunamveka kuti tswa, ngati nthambi youma. Anatembenuka kuti akalipire womugendayo, koma kumbuyo kunali mbuzi yokha ikudya udzu. Atati aponde, anagwa.

Anamubweretsa kunyumba ndi Andireya, bambo wa njinga ya kabaza amene ankaima pamphambano ya ku Kapata. Pomutsitsa anaseka kuti askauti athu akodwa mumsampha asanaone n'komwe Luangwa. Juliet anayesa kuseka nawo.

A Lenia anateleka madzi. Anamuimiritsa mwana wawo, ndipo anaimadi, atatsamira khoma. Mtima wawo unakhala pansi: fupa linali bwino. Anamukhazika pamphasa, nayika phazi pamiyendo pawo, nayamba kutsika ndi chala chachikulu kuchokera pakatumba, kutsata mtsempha waukulu uja wopita kuchidendene. Mtsemphawo ankaudziwa bwino, wolimba ngati chingwe cha khonje. Koma patatsala pang'ono kufika pachidendene, chala chawo chinalowa m'kadzenje. Panali pofewa, popanda kanthu, pokwana nsonga ya chala.

Anaima pang'ono. Zaka makumi awiri ndi zisanu akugwira miyendo ya anthu, chotere anali asanachimvepo. Anadziuza kuti ndi kutupa chabe kumene kwabisa mtsempha. Anaviika kansalu m'madzi otentha, naphimba pomwepo.

Nthawi yomweyo panafika a Munirah, aneba awo, akazi a Mahomedi a sitolo ya nsalu ku Kapata. Amayi awiriwa ankabwerekana mchere ndi makala kwa zaka zambiri. Pa Idi a Lenia ankadya pilawu ya kwa a Munirah, pa Khirisimasi nkhuku ya kwa a Lenia ankazinga a Mahomedi kuti onse adye nawo. A Munirah anabwera ndi madzi oundana a mufiriji atawakulunga m'kathawulo. Anati mwana wawo Mujahid atavulala pampira, kuchipatala anawauza kuti masiku oyamba pamafunika chozizira, chotentha chimawonjezera kutupa. Anatinso mwendo wolira kuti tswa ndi wofunika kuti a dokotala auone.

A Lenia anayankha mwaulemu, koma mawu a aneba awowo anali atawalasa. Anafunsa ngati Mujahid yemweyo sanachire ndi manja awo ali mwana, atagwa mumtengo wa mango.

"Ine ndangonena, amake mapasa," anatero a Munirah. Anasiya kathawulo pakhonde n'kubwerera kwawo. Madziwo anasungunuka pomwepo, nkhuku zinamwa.

Madzulo ake Juliet nayenso anapempha kuti mawa apite kuchipatala. A Lenia anamufunsa ngati akudziwa zimene akamuchite kumeneko. Anamuuza kuti adzamumanga chikhakha miyezi iwiri, mwendo udzatuluka wowonda ngati bango, ndipo anzake adzakhala akuthamanga iye atakhala pakhonde. Seputembala sadikira munthu. Juliet anayang'ana thumba lake la mchenga kuseri kwa chitseko, ndipo sananenenso za chipatala.

M'mawa uliwonse a Lenia ankathowa, kukoka, kusisita, n'kumuuza kuti ayende. Patatha sabata ululu unachepa. Patatha masabata awiri kutupa kunaphwa, ndipo Juliet ankafika kumpopi yekha, akuponda phazi lonse nthawi imodzi ngati bakha. Pamsonkhano wa chigwirizano a Lenia anaimirira atavala bulauzi yawo yoyera, nachitira umboni kuti Ambuye amene amayendetsa opunduka ayendetsanso mwana wawo. Amayi anaimba, ena anaomba m'manja.

Koma kadzenje kaja sikanachoke. M'mawa uliwonse chala chawo chinkakapeza, ndipo chinkalowa mosavuta kuposa dzulo. Poyamba munkakwana chala chimodzi. Pofika sabata yachinayi munkakwana ziwiri. A Lenia sanauze munthu. Anauza Mulungu yekha, atagwada pambali pa bedi, koma ngakhale popemphera sankakatchula dzina. Ankangoti, Ambuye, malizani ntchito imene mwaiyamba.

Tsiku lina anamuona Juliet akuyanika zovala. Waya unali pamwamba pang'ono, ndipo mwanayo anafuna kuima pa zala kuti afikire. Mwendo wamanzere unakwera. Wamanja unangokhala pansi ngati si wake. Anayesanso, atagwira mtengo, nkhope itachita makwinya. Chidendene sichinadzuke ngakhale pang'ono. A Lenia anabwerera m'nyumba msanga, kuti mwanayo asadziwe kuti amuona.

Sabata yachisanu ndi chimodzi Juliet anamanga nsapato nati akayese kuthamanga pabwalo la sukulu. Anabwerako dzuwa lisanakwere, maondo atanyuka, dothi lili m'tsitsi. Sanalire. Anakhala pamwala wa pakhomo, navula nsapato pang'onopang'ono.

"Amama, phazi ili silikundimva," anatero. "Ndikaliuza kuti likankhe, silikumva. Ndikupita kuchipatala, kaya mundiperekeza kaya ayi."

A Mahomedi anawatenga pa galimoto yawo yonyamulira nsalu. A Munirah sananene kanthu za madzi oundana aja. Anangowapatsira mandasi m'kapepala, nati mzere wa kumeneko ndi wautali.

Amene anawaona anali dokotala wamng'ono msinkhu, wa magalasi, dzina lake Sipho Jere. Anamvetsera nkhani yonse, ndipo atamva za mwala umene panalibe woponya, anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva dzina la mlendo womudziwa. Anamuuza Juliet kuti agwade pampando, mapazi alendewere kumbuyo. A Lenia anaona mwana wawo atagwada chotero, atagwira chotsamira, ngati munthu wolapa, ndipo mtima unawawawa, pakuti woyenera kugwada sanali iyeyo.

Dokotala anafinya katumba wa mwendo wamanzere, phazi linagwedezeka lokha. Anafinya wamanja. Phazi linangoti zii. Anafinyanso, kenaka anatsika ndi chala kutsata mtsempha, ndipo chala chake chinaima pamalo pomwe paja.

Anafunsa ngati panalibe amene anaona kadzenje kameneka. Juliet anayankha msanga kuti panali potupa kwambiri, munthu sakanatha kuona. Ankawatchinjiriza amake. A Lenia anachita manyazi.

"Ndinakaona ine," anatero. "Tsiku loyamba lomwe. Ndakhala ndikukagwira m'mawa uliwonse."

Juliet anatembenuka ali chigwadire pampando, nawayang'ana.

Dokotala sanawakalipire. Anatenga bandeji m'kabati, nadula kachidutswa, nayamba kufotokoza ngati akulankhula ndi azakhali ake. Anati m'thupi muli zingwe za mitundu iwiri. Zina zimamanga fupa ndi fupa polumikizana, monga pakakolo kapena pabondo, ndipo zikavulala ndi pamene timati munthu wabinya. Zina zimamanga mnofu ku fupa, kuti mnofu ukakoka fupa litsatire. Zonsezi zimavulala mosiyanasiyana. Anakoka bandeji ija pang'ono, nati nthawi zambiri chingwe chimangokokeka chotere. Pamatupa, pamawawa, koma munthu akapumitsa, n'kuika chozizira masiku awiri oyamba, n'kumanga ndi kukweza mwendo, chimachira chokha m'masabata ochepa. Anang'amba bandejiyo mpaka pakati, nati apa ulusi wina waduka, wina watsala. Pamachita mikwingwirima, kuponda kumavuta, ndipo pamafunika kuchirikiza kwa nthawi yaitali, osakoka, osasisita mwamphamvu. Kenaka anaimaliza kung'amba, nagwira zidutswa ziwiri, china dzanja ili, china dzanja ilo.

"Cha mwana wanu n'chotere, amama. Ndipo chimene chimapusitsa anthu n'chakuti chingwe chikaduka chonse, nthawi zina ululu umatha msanga, chifukwa palibenso chokokeka. Munthu amayenda ndithu, minofu ina ikumuthandiza. Fupa lili bwino, inde. Koma fupa si lokhalo limene limathyoka."

A Lenia anayang'ana zidutswa ziwirizo. Anakumbukira anyamata onse a mpira ndi amayi a mawungu, ndipo anazindikira kuti ambiri a iwo anali a bandeji yongokokeka, amene akanachira ngakhale pakanapanda wowagwira. Anafunsa funso limene ankaliopa. Kodi akanabwera tsiku loyamba zikanatani?

Dokotala anavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali. Anati sabata yoyamba nsonga ziwirizo zimakhala zikadali pafupi. Akanamanga chikhakha phazi litaloza pansi kuti zikumane, ndipo zikanalumikizana. Koma tsopano, ndi kuyenda ndi kukoka kwa masabata asanu ndi limodzi, mnofu wakokera nsonga yapamwamba m'mwamba, ndipo mpata wakula. Panafunika opaleshoni, ndipo anayenera kudikira madokotala a mafupa. Kuyenda adzayenda bwino. Kuthamanga, mwina pakatha chaka.

Juliet anafunsa za Seputembala, ngati akanabwera msanga.

"Mwina," anatero dokotala. "Sindinganame kuti ndikudziwa. Koma mwina."

Mawu amenewo a Lenia anawasenza kupita nawo kunyumba. Dokotala akanati ayi, akanapuma. Akanati inde, akanadziwa kukula kwa tchimo lawo n'kulilapa lonse. Koma mwina alibe poikira.

Opaleshoni inachitika mu Meyi. Juliet anabwerako ndi chikhakha ndi ndodo ziwiri. Sanawadzudzule amake ngakhale tsiku limodzi, ndipo a Lenia akanakonda kutukwanidwa. Ankawayankha mwaulemu, ankadya chimene aphika, ankawathokoza akamutungira madzi osamba. Koma phazi lija sanalole kuti aligwirenso. Chikhakha chitachoka, a zolimbitsa thupi kuchipatala anamuuza kuti azisisita pachipsera ndi mafuta tsiku lililonse kuti pasaume. Ankachita yekha kuchipinda atatseka chitseko, akupindika movutikira.

A Lenia anasiya kuthowa anthu. Pamsonkhano wa chigwirizano anaimiriranso pamalo pomwe anachitira umboni, nauza amayi kuti umboni uja unali wosakhwima, kuti anaona chizindikiro nachibisa chifukwa ankakonda dzina lawo. Palibe anaomba m'manja. Mayi wina wachikulire anayambitsa nyimbo ya chikhululukiro, ndipo a Lenia, amene ankadziwa mavesi ake onse, analephera kutsegula pakamwa.

Mu Ogasiti Andireya anafika pakhomo akukankha njinga, akutsimphina. Anali ataponda m'ngalande potsitsa kasitomala, ndipo kakolo anatupa ngati papaya. A Lenia anamuuza kuti ntchito ija anasiya. Iye anati asachite nthabwala, mwendo umenewu ndi umene umadyetsa ana ake anayi, ndipo manja a amake mapasa ndi amene amawadziwa. A Lenia analowa m'nyumba. Kenaka anatulutsa mpando, namuuza kuti agwade.

"Kodi mwayamba ubusa?" anafunsa Andireya, akukwera pampando.

A Lenia anafinya katumba, phazi linagwedezeka. Anamufunsa ngati anamva kulira kwa chinthu choduka, anati ayi. Anamuyendetsa mapazi anayi, anayenda akudandaula. Ndiye a Lenia anadutsa mpanda kupita kwa a Munirah kukapempha madzi oundana. A Munirah anatsegula firiji osafunsa funso, nawakulungira m'kathawulo komwe kaja. A Lenia anamuuza Andireya kuti aike pamenepo, akweze mwendo, njinga aisiye, ndipo mawa lomwe apite kukiliniki akaonedwe, chifukwa iwo maso oona mkati alibe. Andireya anachoka akung'ung'udza kuti anabwera kudzathowedwa koma amuziziritsa ngati nsomba ya m'sitolo. Juliet anali atakhala pakhonde, ndipo anaona zonse.

Tsiku la mayeso linafika mu Seputembala, kukutentha, mitengo ya m'phiri itaphuka masamba ofiira. Lole yotenga ofuna uskauti inkanyamuka mamawa, ndipo njira yake yopita kumalambo inkadutsa kumunsi kwa komboni. A Lenia ankaganiza kuti Juliet agona mpaka itadutsa. Koma anamupeza atavala kale, ataima pampanda ndi ndodo imodzi. Lole inadutsa patali, itadzaza achinyamata oimba, fumbi likutsatira. Juliet anaiyang'ana mpaka inakhota. Wina m'lolemo anakweza dzanja, kaya ankamudziwa kaya ankangokweza.

Atabwerera m'nyumba anakoka thumba la mchenga kuseri kwa chitseko, kumene linakhala chikhalire kuyambira Febuluwale. A Lenia ankasesa molizungulira miyezi yonseyi, osayerekeza kulisuntha.

"Mchenga uwu ndi wabwino," anatero Juliet. "Muzikwechera mapoto."

A Lenia analinyamula kupita nalo kuseri kwa nyumba. Linali lolemera kuposa mmene ankaganizira, ndipo anadabwa kuti mwana wawo ankakwera nalo phiri m'mawa uliwonse. Anamasula chingwe, nakhuthulira mchengawo pafupi ndi thandala la mbale. Pamenepo, poti panalibe wowaona, analira monga analirira Lemmy. Anakumbukira munthu uja wa m'Malemba amene analimbana ndi mngelo mpaka mbandakucha, nachoka ndi dalitso koma akutsimphina. Anafunsa Ambuye kuti n'chifukwa chiyani wolimbana anali iwo, koma wotsimphina ndi mwana.

Atabwerera anapeza Juliet atakhala pamphasa pakhonde, mwendo atautambasula, kabotolo ka mafuta kali pambali. Chipsera chinali chachitali, chakuda, chotsika mpaka pachidendene. Aka kanali koyamba kuti a Lenia achione pafupi.

"Anati ndizisisita mopingasa, pang'onopang'ono," anatero Juliet, osawayang'ana kumaso. "Ine msana umandipweteka popindika. Osakoka, amama."

A Lenia anasamba m'manja kuchotsa mchenga. Anakhala pansi, nayika phazi la mwana wawo pamiyendo pawo. Anathira mafuta pachala, natsika kuchokera pakatumba monga kale. Pamalo pa kadzenje panali chotupa cholimba, pamene madokotala analumikiza. Anayamba kusisita mopingasa, mopepuka kwambiri.

"Apa?" anafunsa.

"Mmunsi pang'ono," anatero Juliet.